Wailesi Imene Terrance Anaisiya ku Zemba

Nkhaniyi anandiuza ndi Amayi Lefina a ku Zemba, tikuchokera ku chigwirizano cha amayi a mpingo. Ndikuilemba monga anainenera, Mulungu andithandize.

Mwana wawo Terrance ankayendetsa kandege konyamula alendo ku Luangwa. Chaka china, nthawi yokumba mtedza, anabwera kumudzi ndi mawailesi awiri a m'manja. Woyendetsa ndege amalankhulirapo ndi a kubwalo la ndege ngati wailesi ya m'ndegemo yafa. Ina inali yatsopano, yobwereka kwa wogulitsa kuti aiyese. Ina inali yakale, yomangidwa ndi mphira, imene mnzake anamupatsa. Ankafuna asankhe imodzi.

Kutada anakwera pachulu cha kuseri kwa nkhokwe.

"Amama, bwerani mumve ndege zodutsa kumwambaku."

"Ine Chizungu ndichimvera kuti, mwanawe?"

Amayi anakwerabe. Yatsopano ija inalankhula bwinobwino. Yakale inangochita phokoso ngati mvula pamalata. Terrance anaigwedeza, akuseka. Phokoso linaleka. Agalu kumudzi analekanso kuuwa.

Kenaka munatuluka mawu, m'Chichewa.

"Amama. Phiri ndikuliona, koma mudzi sindikuuona. Kolezani moto."

Anali mawu a Terrance. Amayi anamuyang'ana. Anali chiimire pambali pawo, milomo ili yotseka.

"Ndani ameneyo?"

"Ndi ya mnzanga yakalamba iyi," anatero Terrance. "Nditenga yatsopano."

"Tenga zonse ziwiri."

"Ayi, Amama. Iyi sindikwera nayo."

M'mawa yakale ija anaisiya pawindo. Anapemphera limodzi, kenaka Terrance anakwera njinga kukadikira minibasi.

Mvula itayamba, kandege kake kananyamuka ku Chipata masana, mitambo itada. Sikanafike. Anthu anakafunafuna milungu itatu, osapeza ngakhale chidutswa.

Anthu amanong'onezana kuti wailesi yakale ija ikanatayidwa m'chimbudzi. Abusa anawalangiza mayiwo kuti aipereke kumpingo. Amayi Lefina anakana mwaulemu. Ana asukulu amati madzulo ena pachulu paja pamayaka moto, ndipo kumwamba kumamveka kulira kwa injini kozungulira, koma ndege osaioneka.

Tikusiyana pamphambano, ndinawafunsa ngati mawu aja anabweranso. Anakonza duku lawo, n'kuyang'ana kumunda. Pakati pa mtedza panali mpata wautali, wosalazidwa, wopanda mzere ngakhale umodzi.

"Sanabwerenso, mwanangu. Koma ndimaitchaja pa sola tsiku lililonse, ndipo nkhuni zili pachulu. Tsiku lija anandipempha moto ine osakoleza. Akadzaitananso, asadzasowe potera."