Zala Zinayi pa Phewa Langa

Ntchito yanga ndi yogwira zithunzi zabodza, ndiye sindine munthu wokhulupirira zinthu msanga. Koma izi zinachitikadi. A Mawaya, amene amatikonzera makompyuta, anaziona, ndipo mayi otiphikira tiyi mpaka lero salowa okha mu ofesi yathu.

Tinkayamba kafukufuku wothandizana ndi anzathu a kuyunivesite ina, wopanga pulogalamu yozindikira ngati chithunzi ndi chenicheni kapena chopeka. Ganizolo linali langa, ndinalilemba ndekha masamba khumi ndi awiri. Koma posankha mtsogoleri, a Pulofesa anatchula Singano. Tinkamutcha choncho chifukwa anali wowonda ndiponso wa diso lakuthwa. Ine ndi iye tinaphunzira kalasi imodzi, ndipo masamu ankakopera kwa ine. A Pulofesa anati mutu umodzi susenza denga. Ine mumtima ndinati inde, koma bwanji mutu wa mnzangawo ndiwo wavekedwa chisoti? Ndinawomba nawo m'manja mano ali panja, nsanje ikundidya m'kati.

Tsiku loyamba la kafukufukuyo tinajambulitsa tonse asanu ndi mmodzi pakhomo la ofesi. Singano anaima kumanzere kwanga, dzanja lake lili pa phewa langa, akununkhira mafuta a bulugamu amene ankadzola chifukwa cha chimfine chake chosatha.

Kagwiridwe kathu kanali kotere: zithunzi zenizeni tinkajambula tokha n'kuika mu foda yake, zabodza ndinkapanga ine n'kuika mu foda ina. Singano ankatiuza kuti tisanafunse makina tiziyamba tawerenga zala, chifukwa wabodza amaiwala manja. Ankanena zimenezi ngati wazitulukira yekha.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tionetse anzathu aja pulogalamu yathu, anthu atapita kukadya masana, ndinatenga chithunzi cha gulu chija n'kumufufutamo Singano. Pamene anaima ndinaikapo khoma, ndi mng'alu wake womwe. Ndinachiponya pakati pa zithunzi zoyesera. Ndinkangofuna kuti pulogalamu yake ilephere anthu akuona, basi.

M'mawa mwake alendo athu akuyunivesite aja akutionera pa sikirini yaikulu, chithunzi changa chinatulukira. Pulogalamu inati ndi chenicheni. Mtima wanga unavina. Ndinatsokomola, n'kunena modzichepetsa kuti pepani, ichi ndapanga ndine, ndimangoyesa. Alendo anayang'anana. A Pulofesa anavula magalasi.

Singano sanakwiye. Anayandikira sikirini, n'kuloza.

"Achemwali, mwaiwala zala."

Zinalipodi. Zala zinayi pa phewa langa, zopanda mkono, zopanda mwini.

A Mawaya anati tiyese chithunzi choyambirira, chimene Singano alimo. Pulogalamu inati ndi chabodza, n'kuzunguliza nkhope yake ndi mzere wofiira. Anayesa cha pa chitupa chake cha ntchito. Chabodza. Anamujambula pomwepo ndi foni, tonse tikuona. Chabodza. Tinaseka, koma kusekako kunali kouma.

Lolemba, chitseko cha pansi chimene chimatseguka chokha munthu akayandikira chinakana kumutsegulira Singano. Anadikira mpaka ine nditafika. Lachiwiri mayi a tiyi anabweretsa makapu asanu. Singano atawafunsa, anadzidzimuka mpaka shuga anatayika.

"Mwana wanga, mwalowa nthawi yanji?"

Singano anali atakhala pamenepo kuyambira m'mawa.

Pa msonkhano a Pulofesa ankamulumpha pofunsa maganizo. Singano akalankhula, anthu ankatembenukira kuwindo ngati mawuwo achokera panja. Ndinene zoona, masiku awiri oyamba zinandikomera. Anthu ankafunsa ine.

Lachinayi mantha anandigwira. Ndinatsegula chithunzi chija kuti ndimubwezeretse. Ndikamuika, n'kusunga, n'kutsegulanso, ndinkapeza khoma. Katatu konse. Zala zokha ndizo zinkatsala.

Lachisanu masana dzuwa likuswa mtengo, tinatsala awiri mu ofesi. Makompyuta ankalira monga mwa masiku onse. Kenaka anangoti zii, onse pamodzi, magetsi ali chiyakire. Wotchi ya pakhoma inamveka. Fungo la bulugamu linadzaza chipinda mpaka maso anga anachita misozi.

Singano anaimirira. Mpando sunalire.

"Mukanangondiuza kuti mukuufuna mpandowu," anatero chapansipansi. "Ndikanakupatsani."

Anatuluka.

Khonde lathu lili ndi potulukira pamodzi pokha, ndipo mayi a tiyi anali atakhala pomwepo akutsuka makapu. Amalumbira kuti sipanadutse munthu. A Mawaya anatsegula kamera ya pakhonde tonse tili chilili kumbuyo kwawo. Chitseko cha ofesi chikutseguka. Chikutsekeka. Palibe wotuluka.

Chikwama cha Singano chinatsala pa desiki, foni ili momwemo. Amuna ake anabwera, apolisi anabwera, mayi ake anadzakhala pa mpando wake tsiku lathunthu. Anandigwira dzanja n'kundithokoza kuti ndinali mnzake weniweni wa mwana wawo.

Kafukufuku sanaime. Mtsogoleri tsopano ndine, ndipo pulogalamu yathu imayamikiridwa kuti siphonya. Koma tikamajambulitsa, anthu amasiya mpata kumanzere kwanga osadziwa, mpata wokwana munthu wowonda. Ndipo chithunzi chilichonse chimene ndilimo, kaya wajambula ndani, chimatuluka ndi zala zinayi. Ndinachiyesa pa pulogalamu yathu, ndinachitumizanso kwa anzathu aja. Onse akuti ndi chenicheni.

A Mawaya ndiwo anaziika zithunzizo pamzere mwezi watha, kuyambira choyamba mpaka chatsopano. Anandiitana n'kungoloza. Pa choyamba zalazo zili kumapeto kwa phewa. Pa chatsopano zafika pa kolala ya bulauzi.