Chala cha Bambo Fackson

Amene amati ufiti unatha tsiku limene anthu anayamba kugwira mafoni, akokere mpando pafupi, amve kaye, akatsutse pambuyo. Ine si mayi wa nkhani za m'maluwa. Folomu 4 ndinaimaliza, ndipo mumzere wathu ku Hatcliffe kalata ikavuta amabwera nayo kwa ine.

Lidiya, mwana wa malemu bambo Fackson, ankaanula zovala dzuwa likulowa pamene foni inalira m'thumba la epuloni. Unali uthenga wa kukiliniki: bambo Fackson atenga mapiritsi awo a shuga lero, zikomo. Apo n'kuti bambowo atagona kumanda miyezi iwiri.

Kiliniki yathu inaika makina pakhonde, kabati yachitsulo ya timabokosi tambirimbiri. Wodwala matenda okhalitsa safolanso pamzere, amangoika chala chachikulu pagalasi, kabokosi kake n'kutseguka. Bambo Fackson ankawakonda makinawo kuposa wina aliyense. Anabadwira pafamu m'dziko la eni lino, makolo awo ochokera ku Dedza, ndipo anakalamba akukankha ngolo kumsika waukulu wa Mbare Musika opanda chitupa. Makinawo okha ndiwo sanawafunse pepala. Atamwalira mwadzidzidzi, atangodandaula mutu masana amodzi, abale anawaika mwakachetechete poopa mafunso a m'maofesi. Munthu wopanda pepala lobadwira, la imfa mukalitenga kuti? Choncho kukiliniki iwo anakhalabe amoyo.

Mwezi wotsatira uthenga unabweranso. Lidiya anapita kwa sisita Tsitsi, namwino woyang'anira kompyuta.

"Wina akuba mankhwala m'dzina la bambo anga."

"Angabe bwanji, mwanangu? Makinawa safunsa dzina. Amafuna chala cha mwini wake."

"Bambo anga tinawaika."

Sisita anamutembenuzira kompyuta. "Lachinayi, faifi koloko madzulo. Chala ndi chawo." Kenako anatsitsa mawu. "Mlonda akuti tsiku limenelo pakhonde pamanunkha dothi lonyowa, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe."

Anthu anayamba kunong'ona za mayi Dolly, ogulitsa matimati ndi mbatata ku Musika. Bambo Fackson anawakankhira katundu zaka khumi. Chimwalirire iwo, mayiwo sanalembe munthu wina ntchito, koma matumba awo ankapezeka atasanjidwa bwinobwino anzawo akufunafunabe onyamula. Oyandikana nawo ankamva gudumu la ngolo likulira kuseri kwa mpanda, kwii, kwii, ndi chifuwa cha munthu wamkulu. Achikulire anatchula dzina lake: ndondocha. Inu mumalira, mumakwirira thunthu la nthochi, pamene munthu wanu wadulidwa lilime ndipo akugwirira wina ntchito. Koma ndondocha ya shuga imafunabe mapiritsi, ndipo apa ndi pamene mfiti inapunthwa.

Lidiya sanapite kwa abusa kapena kwa sing'anga, anabwera kwa ine. Tinawerengera masiku, ndipo Lachinayi lake tinakakhala pabenchi la kukiliniki ngati odwala.

Fungo ndi limene linayamba kufika, la dzenje longokumbidwa kumene. Agalu a tsidya la msewu analeka kuuwa. Kenako pageti panalowa munthu wowerama, wovala jekete imene Lidiya anaisita yekha tsiku la maliro. Mapazi anali otupa, ong'ambika, oyera ndi fumbi. Anthu ena pakhonde ankangoyang'ana mafoni awo. Munthuyo anaika chala pagalasi, kabokosi n'kuti tse. M'thumba la Lidiya foni inalira.

"Ababa," anatero Lidiya.

Bambo Fackson anatembenuka. Anatsegula pakamwa, ndipo munalibe choyankhulira. Anakweza chala chija, n'kuloza makina, n'kupukusa mutu kawiri, misozi ikutsika m'makwinya.

Wina akanathawa. Ine ndinadzuka n'kuwagwira dzanja kuti ndiwakokere kwawo. Linali lozizira ngati mpopi wa mu Juni. Kunja kwa geti wina anaimba kakhweru kamodzi, ndipo tinaona mayi Dolly ataima, manja kumbuyo, ngati munthu wodikira kombi pasiteji ya basi. Dzanja lija linaterereka, bambo Fackson anatsatira mayiwo ngati mbuzi ya pachingwe.

M'mawa mwake Lidiya anali kale pakhomo la sisita Tsitsi.

"Fufutani chala chawo."

"Ukudziwa chimene ukupempha? Ndikafufuta, kabokosi sikadzawatsegukiranso. Shuga wawo uja sangawasiye mwezi."

"Ndikudziwa."

"Ndiye kuti uwapha ndiwe."

"Anandipempha okha, sisita. Zaka makumi anayi akukankha ngolo, afe, akankhebe?"

Sisita anamusunthira kiyibodi. "Dina wekha. Ine dzanja langa ayi."

Lidiya anadina.

Mwezi wotsatira foni inakhala chete. Mlonda akuti Lachinayi lija anamva wina akugogoda galasi la makina, pang'onopang'ono, mpaka dzuwa kulowa. Lidiya anatseka zitseko, anakhala pansi m'khitchini atagwira makutu, ngakhale kiliniki ili kutali ndi kwawo. Patapita masabata atatu ngolo inaleka kulira. Okumba manda anabwera kudzanena kuti mtumbira wa bambo Fackson, umene unali utatitimira, wadzaza wokha ndi dothi latsopano. Tsiku limenelo Lidiya analira maliro enieni.

Mayi Dolly anasiya matimati akuwola patebulo, anasamuka osatsanzika. Ena akuti ali kudera lina, ku Caledonia, akufunsafunsa za mwamuna wamphamvu, wopanda matenda, wofuna ganyu.

Mukafuna kudziwa chimene ine ndinapindulapo, ndi ichi: nkhuku imodzi ya thadzi, chitenje cha mamita awiri, zonse zochokera kwa Lidiya, ndi chala chachikulu chakumanja, chija chinakhudza dzanja la malemuwo, chimene sichimva moto kapena singano. Ndikachiika pagalasi paja, makina amati palibe munthu.