Imani Pansi pa Silabu

Zitsulozo zinabedwa Lachiwiri masana, dzuwa likuswa mtengo.

Pamalopo ankamanga nyumba yosanja ya makalasi. Panali mtsikana wophunzira kuyang'anira ntchito ya zomangamanga, ndipo anali atathapo miyezi isanu. Anyamata ankamutcha Kabuku chifukwa ankalemba chilichonse m'kabuku kake, ngakhale msomali wopindika. Tsikulo m'mawa anakwera pamwamba kukawerenga zitsulo za silabu, denga la konkire lija lolekanitsa nyumba ya pansi ndi ya pamwamba. Akawerenga zitsulo khumi ankadontheza penti yachikasu pa chitsulo chomaliza kuti asasokoneze.

Nthawi ya 11 koloko injiniya anafika. Anayendera zitsulo zonse n'kuvomereza kuti konkire athiridwe.

"Kabuku, perekeza bwanawa, ukatenge mapepala ku ofesi," anatero kapitawo, bambo wa pakamwa pokoma amene ankamuphunzitsa ntchito. "Usathamange, mwanangu. Ukadyeretu komweko."

Kabuku anabwerera 2 koloko. Anapeza makina akulira, konkire atakwirira kale zitsulo zonse. Kapitawo anamupatsa pepala lotsimikiza kuti zonse zayenda bwino, iye n'kusaina. Mwana wa eni, akanadziwa!

Loweruka la sabata yachitatu mulu wa mchenga unatha. Pansi pake panatuluka thumba la simenti lodzaza tiziwaya. Kabuku anatola kamodzi. Kanali kopota mbali imodzi, mbali inayo kodulidwa. Anakhuthula thumba lonse. Tonse tinali chimodzimodzi, tambirimbiri.

Anayang'anitsitsa kawaya kamodzi. Waya wotere amamangira zitsulo pamene zapingasana. Akapota wapota. Amadulidwa pokhapokha munthu akumasula chitsulo.

Anapita kwa kapitawo, kawaya kali m'manja.

"Bwana, tiziwayati tachokera kuti?"

"Zinyalala zimenezo. Wayamba kulembanso zinyalala?"

"Ndi topota, bwana. Wina anamasula zitsulo."

Kapitawo anasiya kumwetulira. "Pepala lija anasaina ndani? Ukamayankhula uziyamba waganiza. Lachiwiri tikuchotsa mapolo, nkhani yatha."

Mapolo ndi mitengo imene imachirikiza silabu kunsi mpaka konkire atalimba. Wochotsa mapolo amaima pansi penipeni, denga lonse lili pamutu pake. Ndipo pamalopo ntchito imeneyi inali ya kalipentala wamkulu, bambo ake a Kabuku.

Madzulo kunyumba anawauza zonse.

"Ababa, Lachiwiri musakalowe pansi paja."

"Iwe, ndachotsa mapolo usanabadwe," anatero bambowo akuvula nsapato. "Ndikakana, anyamata anga alowa okha. Ndiye ndikawauza chiyani amayi awo? Bweretsa umboni, osati tiziwaya."

Mtsikanayo anaimbira injiniya kasanu. Foni inali yotseka, munthu ali paulendo. Kabuku sanakhale pansi. Lolemba m'mawa anayamba ndi mlonda wa pageti.

"Achimwene, tsiku lothira konkire, masana, panatuluka galimoto?"

"Lole ya zinyalala. Kawiri."

"Munasuzumira?"

"Ine kusuzumira lole yomwe kapitawo wakhala kutsogolo? Ntchito ndikuifunabe, achemwali."

Lole yonyamula zitsulo zazitali singapite kutali masana. Nthawi ya nkhomaliro Kabuku anayenda wapansi, kulowa shopu iliyonse yowotcherera zitsulo mumsewu wa kumsika. Yoyamba, palibe. Yachiwiri, mwini wake anamufunsa ngati wabwera kudzafuna mwamuna. Yachitatu inali kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Pakhoma panali zotchingira mawindo zatsopano, zosapenta. Pa chitsulo chimodzi panali kadontho kachikasu. Anayang'ana mulu umene unali pansi. Kadontho kena, kenanso.

Anajambula pafoni n'kulunjika kupolisi.

Sajeni amene anamupeza pa kauntala anali mayi wosachedwa ndi nkhani. Anaona zithunzi, anaona tiziwaya, anaona kabuku.

"Pepala lovomereza silabuyo unasaina ndiwe?"

"Ndine, mayi."

"Ukudziwa kuti nawenso ungalowe m'mavuto?"

"Ndikudziwa. Koma mawa 8 koloko pansi paja padzaima bambo anga."

Pofika 4 koloko wowotcherera wa pashopu ija anali atalankhula kale kupolisi. Anati zitsulo anabwera nazo ndi kapitawo, amene anamuuza kuti ndi zotsala pa ntchito.

Lachiwiri, 8 koloko isanakwane, galimoto ya polisi inalowa pageti. Injiniya anali atafika, nkhope ili gwa. Akalipentala anali ataima ndi nyundo zawo pafupi ndi mapolo.

Kapitawo sanatekeseke. Munthuyu bodza ankalidziwa ngati ntchito yake.

"Zinali zotsala, mayi," anauza sajeni. "Kugulitsa zotsala ndalakwa, ndikupepesa. Koma m'silabumu zitsulo zilimo zonse. Injiniya anaona, mwanayu anasaina. Mukufuna tigumule denga labwinobwino chifukwa cha penti?"

Sajeni anayang'ana injiniya. Injiniya anakanda mutu. Kugumula si nkhani yamasewera, ndipo pepala linali kumbali ya kapitawo.

Apa Kabuku anavula chipewa chake cholimba n'kuchiika pansi. Analowa pakati pa mapolo, mpaka pakatikati pa chipinda.

"Bwana kapitawo, munandiphunzitsa nokha kuti woyang'anira ntchito amaima pansi pa silabu yake. Bwerani muime pano ndi ine. Ababa, yambani kuchotsa."

"Wapenga iwe?" anakuwa bambo ake.

"Ngati zitsulo zilimo zonse, palibe choopsa. Si choncho, bwana? Bwerani."

Kapitawo anaseka, koma kusekako kunathera pakhosi. Anaponya mwendo umodzi, n'kuima pamzere wa mapolo oyamba. Kalipentala wamkulu anayang'ana kapitawoyo nthawi yaitali, kenako anamenya polo ya m'mphepete ndi nyundo, pang'ono chabe. Go!

Kapitawo analumpha ngati waponda moto. Anagwa chagada pa wilibala.

"Osachotsa! Mutulutseni mwanayo! Igwa imeneyo!"

"Igwa chifukwa chiyani, bambo?" anafunsa sajeni, unyolo uli kale m'manja.

Kapitawo anangopereka manja.

Masana omwewo injiniya analamula kuti aswe ngodya imodzi pamwamba. Pamene panayenera kukhala zitsulo zinayi anapezapo ziwiri. Dalaivala wa lole ndi omanga zitsulo atatu anatengedwa tsiku lomwelo. Patatha miyezi iwiri khoti linagamula kuti kapitawo akakhale kundende zaka zisanu ndi chimodzi. Kabuku anapatsidwa kalata yomuchenjeza chifukwa chosaina zomwe sanaone, ndipo anaimata yekha pa tsamba loyamba la kabuku kake.

Koma tsiku lomwe anamanga kapitawo lija, galimoto ya polisi itatuluka, bambo ake anamukoka dzanja kumutulutsa pansi paja. Anatola chipewa n'kumuveka mwaukali.

"Usadzayerekezenso kuima pamalo ngati amenewa, wamva?"

"Nanga inu, ababa, mumati muime pati?"

Bambowo anakweza maso kuyang'ana denga lija, nyundo n'kuwapulumuka m'manja.