Malo Amodzi a Kunja

Chithunzi cha tsiku losainira mgwirizano chinali chisanathe sabata pakhoma pamene mkangano unabuka m'nyumba ya a Pulofesa. Pachithunzipo iwo akugwirana chanza ndi mkulu wa yunivesite ya kunja, mano onse pamtunda, ndipo pambali pawo paima Dokotala atanyamula maluwa.

Dokotala si dokotala ayi. Ndi mtsikana, mwana wopeza wa a Pulofesa, amene anamupeza ali kamwana pokwatira mayi ake. Dzinalo anamupatsa okha poona akumanga zidole mabandeji. Tsiku la mwambolo anazungulira naye holo yonse akuuza alendo kuti, "Uyu ndi mwana wanga."

Mgwirizanowo unali ndi zambiri, kusinthana aphunzitsi, kafukufuku, makina a mu labu. Koma chimene chinafika pakhomo pano ndi chimodzi: aliyense amene anatsogolera ntchitoyo analoledwa kutumiza mwana mmodzi kukaphunzira kunjako ulere. Dokotala anali atakhoza bwino mayeso, ndipo pasipoti anali atatenga kale.

Nkhani yabwino ili ndi miyendo. Loweruka m'mawa mayi a Pulofesa anatulukira osaitanidwa, nakhala pa mpando wa mwini nyumba, nsapato osavula.

"Malo amenewo apita kwa mwana wa mlongo wako," anatero gogoyo. "Ameneyo ndiye magazi athu."

Mkazi wa a Pulofesa anaika thireyi ya tiyi patebulo. "Amayi, pepani, koma mwana wa alamu anga sukulu anaithawa yekha. Malowo akuti ndi a mwana wa m'nyumba."

"Mwana wa m'nyumba wake uti? Inu munabwera naye kumsana uyu. Abambo ake ali moyo, akamutumize okha kunja."

Mayiyo anatembenukira mwamuna wake. "Bambo a Dokotala, mwakhala chete? Anakulemberani mgwirizanowo pa kompyuta ndani, inu maso akukuwawani? Ankakusitirani suti ndani alendo akamabwera?"

A Pulofesa, munthu wolankhula ola lathunthu pamaso pa anthu osameza malovu, anayankha maso ali pa kapu.

"Dzina ndinapereka kale dzulo," anatero motsitsa mawu. "Ndalemba mwana wa achemwali kuti ndi wanga. Umvetse, mkazi wanga. Kunena chilungamo, Dokotala si mwana wanga weniweni."

Misozi inatsika mayiyo osaipukuta. Mtima unamuwawa, osati chifukwa cha apongozi, amene sanamukondepo chiyambire, koma chifukwa cha dzulo limenelo. Anthuwa anali atagwirizana kale, tiyiyu anangowiritsa pachabe.

"Pachithunzi anali wanu," anatero. "Pofuna kuoneka bambo wabwino kwa alendo anali wanu. Lero pa zenizeni wasanduka wa eni."

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Dokotala anali atamva zonse. Maso ali psuu, anapita pakhoma, nachotsa chithunzi chija, nachiika pamiyendo pa gogoyo.

"Agogo, mukamatepo nkhope ya mdzukulu wanu. Alendo aja akadzafunsa kuti mtsikana uja ali kuti, muwayankhe ndinu."

"Dokotala, mwana wanga, tamvera kaye," anayamba a Pulofesa akudzuka.

"Musavutike, a Pulofesa."

Chiyambire kulankhula, mwanayu anali asanawatchulepo choncho. Ankati adadi, ngakhale pamaso pa ophunzira awo. Bamboyo anakhalanso pansi ngati womenyedwa mbama.

Mayi ndi mwana analongedza masutikesi awiri, omwe aja amene anagulira ulendo wa kunja. Potuluka mayiyo anaika makiyi pafupi ndi tiyi wozizira uja.

"Mgwirizano wanu ndi alendo ukhale, a Pulofesa. Wathu mwauphwanya nokha."

Anamenyetsa chitseko mpaka mawindo ananjenjemera. Pakhoma panatsala msomali wokha, ndipo m'nyumba monsemo munalibenso wowatchula kuti bambo.