Kasensa ka Utsi M'thumba

Makaniko anatseka galaja usiku utapita kale, manja ali bii, mtima uli m'mwamba. M'mawa pikapu yakale ya apongozi ake inkapita kokayezedwa utsi, ndipo apongoziwo anali atalamula kuti ikalephera igulitsidwe kwa ogula zitsulo. Chonsecho iye anali atadzitama pamaso pa banja lonse kuti galimoto zimamumvera kuposa ana ake.

Tsiku lonse analimbana ndi kasensa ka pa paipi ya utsi, kamene kamauza injini mafuta oyenera kumwa. Muvi wa mita yoyezera kasensako sunagwedezeke n'komwe. Anakamasula n'kukaponya m'thumba. Kafa basi. Nanga katsopano ka galimoto yokalamba chotero angakapeze kuti?

Popita kwawo, pa mlatho anapeza bambo wina atatsamira chitsulo, atavala ovolosi. Dzanja lake lamanzere linalibe chala chachikulu.

"Kali m'thumbamo n'kamoyo," anatero bamboyo.

Makaniko anaima. Thumba linali lotseka.

"Wakayeza injini ili yozizira, mphwanga. Iweyo akakudzutsa m'bandakucha umavina? Kabwezere, injini itenthe kaye."

Makaniko anagwira thumba. Anadzutsa mutu...

Palibe munthu. Palibe mapazi. Madzi okha pansi pa mlatho.

Tsitsi linaima. Analiyatsa liwiro! Koma miyendo ya makaniko ili ndi nzeru zake: inamubwezera ku galaja. Anamanga kasensa, analiza injini, anadikira mpaka paipi inatentha yosagwirika. Analumikiza mita.

Muvi uja unayamba kuvina, kukwera, kutsika, kukwera. Kasensa kanali kamoyodi; vuto linali waya wothothoka chabe, ndipo anamulumikiza. Nayenso anavina yekhayekha pakati pa matayala.

Kutacha pikapu inakhoza mayeso. Pobwerera, apongozi anasisita chiwongolero ngati mwana.

"Mkamwini, ndinakupeputsani. Mutu umenewu ndi wanudi?"

Makaniko anafuna kunama, koma mlatho uja ankadutsapo tsiku lililonse. Anaulula zonse, mpaka za chala.

Apongozi anaseka mpaka anaimitsa galimoto pambali, akupukuta misozi.

"Amenewo ndi achimwene anga. Pikapuyi anaigula ndi iwo ili yatsopano, chalacho inawadya ndi fani ya injini yake yomweyi. Tinawaika m'manda zaka zisanu ndi zinayi zapitazo."



"Musadandaule," anatero apongozi akuliza injini. "Inetu ndaiyendetsa zaka zonsezi, sanandilankhulepo. Inu ndiye akukhulupirirani."