Ophunzira a m'Chipinda 14

Lachinayi limenelo Bogna Zaremba anatsika basi mtima uli dyokodyoko. Zaka zisanu akusaka ntchito, lero ndiye lero! Yunivesite yaboma ya zaumisiri inamupatsa kalasi yamadzulo kuti amuyese. Mkulu wa dipatimenti, a Pulofesa Drozd, akakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Akakhutira, ntchito yapezeka. Akapanda kukhutira, basi.

Inali nyengo yachisanu, 5 koloko kunja kuli kale bii.

Tsono sukulu imeneyi, abale, inakula mopanda dongosolo. Inayamba ndi nyumba imodzi ndi ophunzira makumi anayi. Lero alipo zikwizikwi, ndipo boma lililonse linkangomatapo nyumba yake, ina ya njerwa, ina ya simenti, ina ya magalasi okhaokha, zonse zolumikizana ndi makonde. Manambala a zipinda anawasintha katatu konse. Komanso pali mwambo wakale: mphunzitsi akachedwa mphindi khumi ndi zisanu, ophunzira amanyamuka, kalasi yafa.

Bogna anasochera. Papepala analemba kuti chipinda 14. Anakwera, anatsika, anakhota, nthawi ikungothawa. Matailosi anatha, pansi panayamba matabwa. Kunkanunkha utsi wa malasha. Kenako chitseko icho: 14.

Atangolowa, onse anaimirira nthawi imodzi. Anyamata makumi anayi, m'majekete olemera. Ha! Ndani masiku ano amaimirira mphunzitsi akalowa? Bogna anakondwa mpaka misozi inalengeza.

"Mwafika, aphunzitsi," anatero wamtali wina wakutsogolo. "Takudikirani."

"Pepani, ndachedwa."

"Ayi, nthawi sinakwane." Analoza wotchi yapakhoma. Inkaonetsa kuti padutsa mphindi khumi zokha.

Anayamba za milatho. Koma ndiye anaphunzitsa! Choko chinkangoyenda chokha, mafunso akugwa uku ndi uku. Wina atajambula mlatho wopendekeka, mnzake anakuwa, "Iwe Ignacy, pamenepo ngakhale mphaka sangawoloke!" Onse anafa nacho chiseko. Bogna anaseka nawo, nthunzi ikutuluka m'kamwa mwake chifukwa cha kuzizira. M'kamwa mwa anyamatawo simunkatuluka kanthu. Anaona, koma chimwemwe chinamuchulukira. Bogna sanawaone a Drozd, anangoti mwina ali kumbuyo kuja, kumdima.

Pomaliza wamtali uja anabweretsa kabuku kobiriwira, kaja aphunzitsi ankasayinamo kale posonyeza kuti wophunzirayu ndi wawo.

"Timabuku timeneti tikadalipo? Si zonse zili pakompyuta?" anaseka Bogna.

"Tisayinireni, aphunzitsi."

Anasayina. Timabuku tonse makumi anayi. Mapepala ake anali ozizira, achinyezi. Potuluka anayang'ananso wotchi ija. Inali pomwe paja.

Pakhomo lalikulu anapeza mayi Genowefa, osunga makiyi, akumwa tiyi.

"Mayi inu, munalowera kuti? A Drozd akudikirani mu 14 wa nyumba ya magalasi mpaka achoka akulalata. Akuti musadzapondenso kuno."

"Bodza! Ndinali mu 14, wa matabwa uja. Mukanaona momwe zayendera!"

Mayi Genowefa anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Chimenecho anachitseka ndi njerwa ine ndisanabadwe. Amenewo ndi ophunzira oyamba a sukulu ino. Ankadikira mphunzitsi wawo tsiku limene bomba linagwa, nkhondo itangoyamba. Anthu ena onse anathawira m'chipinda cha pansi pa nthaka, iwo ayi, poti mphindi khumi ndi zisanu zinali zisanakwane." Anamugwira dzanja. "Koma simunasayine kanthu, eti?"

"Ndasayina timabuku tawo," anatero Bogna.

"Mayo ine, mwana wanga! Maphunziro awo ndi a zaka zinayi."

Ntchito ija anaipereka kwa wina. Dzina la Bogna silili pa ndandanda iliyonse ya aphunzitsi. Koma Lachinayi lililonse amafika, mabuku kukhwapa, nkhope ili mwee, n'kukhotera kukhonde kumene ena onse amangopeza khoma. Waonda zedi, komabe ukamufunsa amakuuza monyadira kuti ophunzira onga amenewo sanawaonepo.

Mayi Genowefa amamupatsa moni, kenako amapukuta misozi. Okolopa amanong'onezana kuti chaka chino n'chachinayi, ndipo tsiku lomaliza maphunziro, ophunzira sachoka popanda mphunzitsi wawo.