Maswiti Pansi pa Khushoni

"Fletcher! Tabwera kuno undiuze, izi n'chiyani?"

Mayi ake anali ataima pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Kudzanja limodzi anagwira buluku lake lonyowa, kudzanja linalo maswiti oyamba kusungunuka.

"Ndi mankhwala amenewo, amayi."

"Mankhwala! Mwana iwe ukufuna ndikuike m'manda ine? Adokotala anati shuga ayi, ndinamva ndi makutu angawa. M'nyumba muno tonse tikumwa tiyi wopanda shuga chifukwa cha iwe, ndiye iweyo uzikadya maswiti kuseri?"

Anawaponya kudzala, n'kupukuta dzanja pachitenje.

Fletcher anangokanda mutu. Kunena zoona, nayenso nkhaniyi sinkamulowa bwino. Anali mnyamata wa zaka makumi awiri, wakabaza pa Boma la Phalombe, ndipo chaka chathachi anamupeza ndi matenda a shuga. Kuchipatala anamuuza kuti thupi lake silipanga insulini, choncho azidzibaya jekeseni m'mawa ndi madzulo, zotsekemera asiye. Mpaka pamenepo zinamveka. Amene anadzamusokoneza mutu ndi Mayi Sitima.

Mayi Sitima ankagwira ntchito pachipatala pomwepo, koma sanali dokotala, sanalinso namwino. Ntchito yawo inali yothandiza odwala kuti azitha kugwira ntchito zawo za tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi imeneyo ankachita kafukufuku wa achinyamata odwala shuga. Koma mafunso awo, abale inu! Ena amafunsa kuti m'thupi ukumva bwanji. Iwo ankafunsa kuti umadya uli pati, katundu wolemera umanyamula nthawi yanji, ukatopa umapumira kuti. Tsiku lina mpaka anakwera njinga yake ngati kasitomala kulowera njira ya ku Chiwalo, kuti aone okha mmene amagwirira ntchito.

"Chinyamukireni sindinakuone ukudya," anatero atatsika pamthunzi.

"Ndikakhala pansi kudya, anzanga anditengera makasitomala."

"Tamvera, Fletcher. Insulini imatsitsa shuga m'magazi. Kupalasa nakonso kumatsitsa. Ukabaya jekeseni, osadya, n'kumapalasa chonchi, shuga amatsika mopitirira. Uyamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mutu osagwira. Zikatero, idya maswiti pomwepo, kenako chakudya. Ukachedwa ukhoza kukomoka."

"Ndiye shugayu ndi mdani wanga kapena m'bale wanga?"

"Zonse ziwiri. Zimatengera nthawi."

Zonse ziwiri! Fletcher anapalasa ulendo wobwerera akuzitembenuza m'mutu, osapeza mutu wake. Munthu mmodzi akhale mfiti, yemweyo akhalenso sing'anga?

Fletcher atapita kuchipatala n'kuwafotokozera za maswiti otayidwa kudzala aja, Mayi Sitima sanakalipe. Anatuluka naye panja, nayamba kuzungulira njinga yake ngati akufuna kuigula. Kenako anatukula khushoni ya pakaliyala, pamene pamakhala makasitomala.

"Pano mayi ako sachapapo," anatero. Anakulunga maswiti m'kapepala kapulasitiki, n'kumangirira pansi pa khushoniyo ndi mphira wa chubu. "Mayi akowo ndibwera ndidzacheze nawo. Koma pali china. Pasiteji panu uuze munthu mmodzi yekha za matendawa."

"Iyayi, zimenezo ndiye ayi. Ndani angakwere njinga ya munthu wodzibaya majekeseni? Pasiteji pathu nkhani sigona. Mawa lake ndikhala ndikuitana ntchentche."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Fletcher."

"Changa chikhale chotseka, mayi."

Pasiteji ya akabazapo tcheyamani anali a Dickson, bambo wamtali, wa mawu ngati ng'oma. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: wobwera ataledzera, njinga yake imangidwa ndi tcheni pamtengo wa mango, ndipo pasitejipo asadzapondenso. Fletcher mowa sankaulawa n'komwe, choncho lamulolo sankaliganizira. Chimene ankaopa n'chakuti a Dickson akamva za jekeseni amuchotsa, ndipo njinga ija ndiyo inkadyetsa pakhomo pawo.

Tsiku la msika, nyengo ya nandolo, Fletcher anabaya jekeseni wake m'mawa monga mwa masiku onse. Phala linali lisanapse pamene wogula nandolo anamuimbira foni kuti matumba akudikira.

"Imwa kaye phala!" anakuwa mayi ake.

"Ndidya kutsogoloko!"

Kutsogolo kwake kuti? Anatuta matumba, kupita ndi kubwerera, dzuwa likuswa mtengo. Pamene ankafika pasiteji, phiri la Mulanje linkaoneka ngati likusuntha. Manja ankanjenjemera pahandulo. Anaganiza kuti ndi kutopa chabe. Kenako anaiwala chimene amaganiza.

Mayi wina wobereka mwana anakwera n'kutchula kumene akupita. Fletcher anamva mawu, koma tanthauzo silinafike. Anaponda pedulo, njinga inapita kumanzere, anaikhotetsa, inapita kumanja, mpaka tayala lakutsogolo linagunda dengu la mayi wina wogulitsa tomato. Mayi wokwera uja anadumpha mwana akulira kumsana.

"Mayo ine! Waledzera uyu! Akanandiphera mwana!"

Anthu anaunjikana nthawi yomweyo. A Dickson anafika akukankha anthu ndi zigongono.

"Fletcher, iwenso? Taima bwinobwino ndikuone."

Fletcher anayesa kuima, miyendo inakana. Malaya anali atanyoweratu. Ankafuna kunena kuti sanamwe, koma lilime linalemera, mawu n'kumatuluka okokeka ngati a chidakwa chenicheni. Anthu anaseka. A Dickson anakoka njinga ija, n'kuimanga ndi tcheni pamtengo wa mango.

Apo m'pamene kanthu kanawala m'mutu mwa Fletcher: kunjenjemera, thukuta, mutu osagwira. Khushoni! Anadzandira kulowera kunjingako, koma anyamata awiri anamugwira mikono.

"Akufuna akwerenso! M'gwireni!"

"Pansi... pansi pa khushoni," anatero Fletcher.

"Ohoo, ndiye kumene umabisa kachasu wako?" A Dickson anatukula khushoni kuti aonetse anthu umboni. Anasolola kapepala kaja, n'kukamasula. Anasuzumiramo. "Maswiti?"

Kuseka kunabuka. Wina anati mwana wamkulu ameneyu, wina anati n'zophera fungo la mowa. Fletcher anagwada pafumbi, maso akuchita mdima m'mbali. Ankaona maswiti ake m'dzanja la a Dickson, pafupi pomwepa, koma ngati kutsidya kwa mtsinje. Anachita mantha kwambiri, mantha oposa a kuchotsedwa pasiteji.

"Ndimadwala shuga," anatero. Anakokanso mpweya. "Ndimabaya jekeseni. Ndipatseni."

Mukuganiza kuti anamupatsa? Ayi ndithu, m'pamene zinthu zinasokonekera kwenikweni.

"Shuga? Ndiye musamupatse, mumupha!" anakuwa mayi wa tomato uja, ataiwala za tomato wake.

"Zoona, amalume anga amadwala omwewo, ngakhale nzimbe salawa!"

"Mupatseni madzi amchere!"

"Ayi, m'thireni madzi kumutu!"

A Dickson anakweza dzanja la maswitilo m'mwamba kuti Fletcher asalifikire. Nkhope yawo inali itasintha. Sankakalipanso, ankangoyang'ana uku ndi uku ngati munthu wosochera pamphambano.

"Mwana iwe, wati umadwala shuga, ndiye ukufunanso shuga? Tikupatse chiphe ndi manja athu?"

"Watsika," anatero Fletcher. "Watsika... chonde."

Wina anawagunda a Dickson pamkono pofuna kuona bwino, ndipo maswiti angapo anagwera pansi. Fletcher sanadikire. Anatola, n'kuponya m'kamwa ndi fumbi lomwe, n'kutafuna. Anatolanso ena.

Aliyense ankadikira kuti aone munthu akufa. Mayi wa mwana uja anagwira pakamwa. A Dickson anagwada pambali pake, dzanja lili paphewa la mnyamatayo, milomo ikuyenda ngati akupemphera.

Patapita kanthawi kunjenjemera kuja kunayamba kuchepa. Phiri linabwerera pamalo pake. Fletcher anapukuta nkhope, nayang'ana anthu onse aja, manyazi n'kumugwira.

"Pepani mayi," anauza wa mwana uja, mawu ali bwinobwino. "Sindinamwe. Ndinabaya mankhwala m'mawa koma osadya. Ndikufunika chakudya tsopano."

Mayi wina wogulitsa chinangwa chophika anabwera nacho osafunsa za malipiro. Fletcher akudya, anafotokoza zonse zimene Mayi Sitima anamuuza. Anadabwa kuti pozinena yekha zinkamveka bwino kusiyana ndi mmene ankazimvera. Anthu ena anagwedeza mitu, ena anachoka akutsutsanabe.

A Dickson anamasula tcheni. Fletcher anaimirira.

"A tcheyamani, ndiye mwandichotsa?"

"Chaka chonse, Fletcher. Chaka chonse tikukhala limodzi pamtengo uno, osandiuza?"

"Ndimaopa kuti mundithamangitsa."

"Ndiye unasankha kuti ufere m'manja mwanga, ine nditakweza mankhwala ako m'mwamba? Ndikanakawauza chiyani mayi ako?" Mawu a ng'oma aja ananjenjemera. Anamukankhira njinga. "Lero upite ukapume. Tomato wa amayiwa ukonza nawo wekha. Ndipo mayi ako a kuchipatalawo uwaitane abwere pano, atiphunzitse tonse. Ine zanga zasokonekera."

Mayi Sitima anabweradi sabata yomweyo. Anayamba ndi kunyumba, kumene mayi a Fletcher anamvetsera atagwira tsaya, n'kufunsa funso limodzimodzi kangapo. Kenako anapita pasiteji, akabaza atakhala pamakaliyala awo. Anagwirizana kuti Fletcher akapita kukadya, malo ake pamzere azimusungira.

M'mawa wotsatira Fletcher anafika pasiteji mtima uli m'mwamba. Kasitomala woyamba anali mayi wa mwana uja. Anaima, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wadya?" anafunsa mayiyo.

"Ndadya, mayi."

"Wadya chiyani?" analowerera a Dickson.

"Phala la mgaiwa, a tcheyamani."

Mayi uja sanakhutire. Anatukula yekha khushoni kuti aone. Mphira wa chubu uja panalibe. M'malo mwake panali kathumba kosokedwa bwino ndi ulusi wakuda, kodzaza ndi maswiti. Fletcher anakazindikira msanga kansaluko. Kanali kachidutswa ka chitenje cha mayi ake.

Mayiyo anabwezeretsa khushoni, anakonza mwana kumsana, n'kukwera.

"Tiye," anatero.